Alamu, kompyutayo sinalodzedwe

Mayfair,
Johannesburg.

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana onse kumeneko ku Chisemphere, ndiponso kuti nazale ya fodya yamera bwino. Ine kuno ndilipo, kungoti thupi likukana kunenepa. Galimoto yomwe ndatsamira pa Facebook ija ndi ya abwana anga, koma zimenezi zithere m'kalata muno.

Kalatayi ndapatsira transipota pamodzi ndi kaphukusi. Muli kachubu ka mankhwala otuwa, kaburashi ndi sikuludilaiva yaing'ono. Mankhwalawo si a zipere, ndipo achemwali asayerekeze kudzola. Yambani mwawerenga mpaka kumapeto musanatsegule chilichonse.

Mauthenga anu a pa WhatsApp ndawamvera onse, ngakhale uja munkachita kumeza malovu ngati kuli maliro. Mwati anyamata akangoyamba FIFA kompyuta ija imayamba kubuma, osewera n'kumayenda modukiza, kenako sikirini bii, anyamata n'kuyamba kuitanitsa ndalama zawo. Mwatinso pobena nyimbo siivuta. Ndiye mwagamula kuti wachita zimenezi ndi mnyamata wa shopu ya tsidya la msewu, poti masiku ano amadutsa osapereka moni. Alamu, tambala munapereka kwa asing'anga uja bola akanadya ana. Mu shopu yomwe ndimagwira ntchito kuno makompyuta odwala matenda amenewa amabwera osalekeza, ena kuchokera ku Sandton kwa anthu oti Kasungu sanaimvepo n'komwe. Amenewonso wawalodza mnyamata yemweyo?

Chavuta ndi kutentha. M'bokosimo muli chigawo chachitali cha mafani awiri, pomwe mumalumikiza waya wa sikirini. Ndiyo graphics card, yanuyo ndi GTX 1060 ya Nvidia, mtundu womwe unatuluka mu 2016. Ndiyo imajambula osewera, mpira ndi kapinga wa m'bwalo. Pobena nyimbo imakhala ikuwodzera, n'chifukwa chake simuona vuto. Gemu ikayamba imakoka magetsi mpaka mawati 120, ndipo magetsi onsewo amasanduka kutentha, kwambiri pa kachipu kamene m'lifupi mwake sikafika masentimita awiri.

Inu fodya wa m'balani munakulira momwemo. Masiku omaliza, poumitsa masitemu, kutentha kumafika cha m'madigiri 70, ndipo palibe amene amalowamo kukacheza. Khadi yathanzi pa gemu imakhala pakati pa 65 ndi 80. Ikafika cha pa 83 imayamba kudzichepetsera liwiro yokha, ikapitirirabe kutentha ndi pamene osewera amayamba kutsimphina. Opanga anaika malire pa 94. Ikapitirira kwambiri pamenepo imadzizimitsa kuti isapse. Kuzimako ndi nzeru, ndipo ili nazo zambiri kuposa anthu ena amene amapita kumsika masana a Okutobala atavala jekete lachikopa lochokera ku Joni. Sinditchula dzina.

Musanagwire sikuludilaiva, yezani kaye. Dinizani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, pitani pa Performance, kenako pa GPU. Nambala ya kutentha muiona pamenepo. Ikapanda kuoneka, tsegulani GPU-Z, ndinaikamo ndisanakutumizireni kompyutayo. Lembani nambala kompyuta ikungokhala, mulembenso gemu itayenda kanthawi. Pongokhala izisewera cha m'ma 40. Kenako chotsani chitseko cha m'mbali, muyatse gemu, musuzumire. Makhadi ambiri a mtundu umenewu mafani ake amaima dala kukakhala kozizira, ndiye musathamangire kulengeza maliro. Koma gemu ili m'kati onse awiri ayenera kuzungulira.

Tsopano za chithunzi chomwe munanditumizira. Alamu, ndinakhala pansi. Kompyuta mwaitsekera m'kabati, kumbuyo yagunda khoma, pamwamba achemwali ayalapo nsalu yoluka ndi maluwa apulasitiki, pambali pali thumba la zinyenyeswa za fodya, ndipo zonsezi zili pansi pa malata opanda siling'i. Ipuma bwanji? Ndikudziwa mukuopa akuba, koma wakuba akabwera apeza phulusa. Itulutseni, muike pa tebulo osati pansi, kumbuyo musiye mpata wokwana dzanja lotambasula. Nsaluyo ibwerere pa wailesi.

Fumbi ndilo mdani wamkulu, ndipo la m'mbali mwa M1 ndimalidziwa. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, dinizani batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe, kenako gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze zam'kati. Zulani waya wa mano 6 wolowa pa khadi, masulani sikuluwu yakumbuyo. Kumapeto kwa mpata womwe khadi yakhalamo kuli kachotsekera kapulasitiki: kadinizeni kaye, khadi ituluka yokha. Mphamvu zanu za pa jeke ya mabelo muzisiye panja.

Mukaiyang'anitsa padzuwa muona kuti kuseri kwa mafani kuli timizere tachitsulo topyapyala tothithikana. Mpweya umayenera kudutsa m'menemo. Ndikubetcha kuti mupezamo fumbi logwirana, lochita kusendeka ndi zala. Kuno tinatsegulapo ina n'kupezamo nalimata wouma gwa, mchira uli pa fani, mwini wake akulumbira kuti kompyuta yake ili ndi vairasi. Sesani ndi kaburashi, muuzire ndi pampu ya njinga, chala china chitagwira fani kuti isazungulire mwamisala n'kuonongeka. Pakamwa ayi, malovu ndi magetsi sizimwerana madzi. Kwa omata matayala musapitenso nayo, mpweya wa makina awo umatuluka ndi chinyontho. Ndipo maganizo aja oika nsanza yonyowa pamwamba, amene anakupatsani muwauze kuti ndawapatsa moni.

Bwezeretsani zonse, yezaninso. Nambala ikatsika kufika m'ma 70, mwathana nazo, kachubu kaja kasungeni. Ikakanirirabe kumwamba mafani akuzungulira bwinobwino, ndiye kuti mankhwala a pakati pa kachipu ndi chitsulo chozizitsa anauma. Amatchedwa thermal paste, ntchito yake ndi kutseka timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kuwoloke msanga. Khadi ya zaka zonsezi, n'zosadabwitsa.

Apa m'pofunika manja ofatsa, ndiye ntchitoyi muigwire mamawa, musanadutse pa malo aja mumati mukukaonera mpira. Kuseri kwa khadi kuli masikuluwu anayi a masipuling'i ozungulira kachipu. Masulani pang'onopang'ono modumphitsa, iyi kenako ya pangodya yoyang'anana nayo, muonenso ngati palibe ena ang'onoang'ono otsalira. Pukusani chitsulocho mofatsa mpaka chilekane, osaiwala kawaya kakang'ono ka mafani. Mankhwala akale muwapeza ataumiratu, akungoyoyoka. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu koviika mu sipiriti mpaka kachipu kawale, mudikire paume. Timapepala tofewa tomwe tili m'mphepete musatichotse, tili pa ntchito. Finyirani mankhwala atsopano pakati penipeni, kadontho kosaposa njere ya nandolo, n'kumanganso modumphitsa momwe munamasulira. Ndikukudziwani, alamu, mudzati ochuluka ndiye abwino. Ayi. Ndipo akatayika musalowetsepo mankhwala otsukira mano kapena girisi wa njinga.

Mukapeza kuti fani imodzi yafa, jambulani kapepala komatidwa kuseri kwake, pali nambala, ndikagula ina m'tauni. Podikira, siyani chitseko cha m'mbali chotsegula, mulozetsemo fani ya pa tebulo, ana ndi nkhuku zikhale kutali.

Mnyamata wa tsidya la msewu uja mukamugulire Fanta. Mwina anasiya moni chifukwa cha diso lomwe mumamuyang'ana nalo. Transipotayu abwerera kuno sabata yamawa, ndiye achemwali andiikireko ufa wa mgaiwa, chiponde ndi usipa, zomangidwa bwino kuti zipirire ulendo wa pa Tete ndi Beitbridge. Nambala ziwiri zija munditumizire pa WhatsApp. Ndipo poti ndamva kuti mabelo anu anayenda bwino ku Chinkhoma, kangongole kaja mukakumbukire.

Moni kwa onse kumudzi.

Ndine,
Mlamu wanu wa ku Joni.