Kagawidwe ndi Kaunikidwe ka Nyimbo za Jazz pa Zalewa: Malangizo kwa Katswiri

Malo mwasankha abwino. Zalewa ndi mphambano. Msewu wa M1 wochokera ku Blantyre ukangowoloka mlatho wa Shire umagawikana: wowongoka umapita ku Balaka ndi ku Lilongwe, wa M6 umakhotera ku Mwanza mpaka kukalowa ku Tete. Mabasi ndi mathiraki ochokera ku Joni odzera pachipata cha Mwanza amatulukira pano, ndipo m'matumba mwa apaulendo mumakhala mafoni ndi mafulashi odzaza nyimbo zomwe wailesi sinaimbepo. Zina mwa izo ndi za free jazz, mtundu wa jazz womwe oimba amapeka nyimbo pomwe akuimbapo, osapangana kaye kuti ikhota pati kapena ithera pati. Zimbale zotere zimatuluka zochepa, zofika ku Neno n'zochepetsetsa. Choncho chimodzi chikagwera m'manja mwanu, chigwireni mwaukatswiri, kuti aliyense amene mungamugawire achimve kamodzi kokha basi.

Yambani ndi mayina. Fayilo ikafika ili ndi dzina la woimba, mutu wa chimbale ndi chaka, fufutani zonsezo. Tiyerekeze kuti mwalandira Turbulence and Pulse, chimbale cha Asher Gamedze, woimba ng'oma wa ku Cape Town, chomwe kampani ya International Anthem ya ku Chicago idatulutsa mu 2023. Mawu onsewa ndi katundu wongolemetsa foni. Lembani kuti "Track 01". Mukafuna kusonyeza khama, lembani "Za ku Joni", yotsatirayo "Za ku Joni 2".

Chifukwa chake n'chaukadaulo. Okonda jazz amayenda potsata mayina. Munthu ng'oma ikamugwira mtima amafunsa kuti akumenya ndani, n'kuyamba kusaka zimbale zina zomwe womenyayo adaimbamo. Kumeneko amakumana ndi woliza lipenga, n'kumutsatanso. Amene wakonda ng'oma za mu Wisdom of Elders, chimbale cha Shabaka and the Ancestors cha mu 2016, akangodziwa kuti womenyayo ndi Tumi Mogorosi, mawa mum'peza ali pakhomo panu akufunsa china. Dulani chingwe chimenechi msanga. Onani zomwe zidachitika chifukwa cha kusasamala kwa Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, amene mu 1967 adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba akuimba mu Blantyre. Adajambula nyimbo zawo, n'kulemba mayina, malo ndi masiku. Zotsatira zake, anyamatawo adakaimba mpaka ku Ulaya, ndipo lero, onse awiri atamwalira kalekale, mayina awo ndi la mudzi wa Singano ku Chileka akadali m'mabuku. Mukadakhala inu, nkhaniyo ikadatha tsiku lomwelo, mwaukhondo.

Kenako chepetsani fayiloyo. Nyimbo ya mphindi 37 yosungidwa ngati MP3 pa 320 kbps imalemera pafupifupi 89 MB. Pa 128 kbps imatsikira cha pa 35 MB, koma pamenepa munthu amathabe kusiyanitsa lipenga ndi sakisofoni, umboni woti ntchito sinathe. Tsikani mpaka pa 32 kbps. Mutsala ndi 9 MB, bandulo yanu ipuma, ndipo zitsulo zomwe woimba ng'oma amagogoda zizingomveka ngati mafuta akuthetheka pachiwaya cha tchipisi. Ngati mulibe pulogalamu yochepetsera, ilipo njira yachidule. Lizani nyimboyo pa foni ina, n'kuijambula ndi foni inzake ngati voice note ya pa WhatsApp. Chitani izi mutaima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi rodibuloko, kuti injini za mathiraki zilowemo bwino. Oimba free jazz amalemekeza mawu obwera mwadzidzidzi. Hutala ya minibasi ndi mphatso yanu kwa iwo.

Langizani onse kuti azimvetsera pa sipika ya foni. Waya wotsikitsitsa wa besi yaikulu amalira pa 41 Hz, ndipo kasipika ka foni sikafika kumeneko ngakhale mutakapempha. Woimba besiyo adanyamula chida chotalika ngati iye mwini, kukwera nacho masitepe a situdiyo. Inu mwamupatsa tchuthi.

Tsopano tifike pa nkhani ya masipika awiri, pomwe ambiri ongoyamba kumene amalakwitsa. Chimbale chomwe dzina lake lidamatirira pa mtundu wonsewu ndi Free Jazz cha Ornette Coleman, chojambulidwa ku New York mu December 1960 n'kutuluka mu 1961. Muli oimba asanu ndi atatu, magulu awiri a anthu anayianayi oimba nthawi imodzi. Gulu lina adaliika kusipika ya kumanzere: Coleman mwiniwake, Don Cherry, Scott LaFaro ndi Billy Higgins. Lina kumanja: Eric Dolphy, Freddie Hubbard, Charlie Haden ndi Ed Blackwell. Cholinga chinali choti womvera akhale pakati, azimva wakumanzere akuyamba mfundo, wakumanja n'kuilanda, kuipinda, kuibweza. Kuyambira pamenepo ojambula zimbale zotere amasamala kwambiri kuti chida chilichonse chikhale mbali yake. Khama lonseli mungathe kulikonza ndi waya mmodzi. Pitani ku burning centre komwe sipika imodzi idapsa chaka chatha, mukayesere chimbalecho kumeneko. Mumva anthu anayi akuyankha mafunso omwe palibe wafunsa. Ngati masipika onse ndi amoyo, zulani waya wa imodzi. Ena amalangiza kusanjikiza masipikawo, ina pamwamba pa inzake, kuti oimba onse asanu ndi atatu atulukire malo amodzi. Njirayi ndi yovomerezeka, koma ine sindiikonda: imasiyabe mpata woti wa makutu akuthwa atolepo kanthu. Pa mahedifoni chimodzimodzi. Gawanani ndi mnzanu, wina khutu ili, wina khutu ilo, kenako mukangane za zomwe mwamva. Nonse mudzakhala mukunena zoona.

Utali nawo ukonzeni. Nyimbo zamtunduwu zimayamba pang'onopang'ono, zina ndi mpweya chabe wodutsa m'sakisofoni, kenako zimakwera, zimalusa, n'kutsikanso. Kulusako kumamveka bwino kwa yekhayo amene wayenda nayo kuchokera poyamba. Choncho dulani chiyambi, dulani mathero, dulani paliponse pomwe oimba akhala chete. Sankhani masekondi 30 pomwe sakisofoni yakuwa kwambiri, muike pa status. Pansi pake lembani kuti "Kwa ozindikira okha".

Malo abwino oonetsera chimbale chatsopano kwa anthu ambiri ndi m'minibasi. Pemphani adalaivala mwaulemu kuti achotse kaye nyimbo zauzimu zomwe apaulendo akuimba nawo, aike fulashi yanu. Nthawi ikhale ya masana, mwezi wa October, mawindo osatseguka. Musafotokoze kanthu. Musanene kuti nyimboyi ndi yaitali, kuti ilibe mawu, kapena kuti pali chida chomwe angayambe kutsata. Ascension ya John Coltrane, yojambulidwa mu 1965 ndi oimba 11, imatenga pafupifupi mphindi 40, ndipo ndi muyezo wabwino woyesera zatsopanozi. Wopita ku Lunzu akatsikira pa Mdeka, chimbale chagwira ntchito. Kondakitala akakubwezerani ndalama pa Lirangwe n'kukutsegulirani chitseko, mwafika pa mlingo wa akatswiri.

Gawo lachiwiri la ntchito yanu ndi kuunika. Lamulo lalikulu n'lakuti mulembe maganizo anu musanamvetsere. Kumvetsera kumasokoneza chiweruzo. Mu 1962 magazini ya DownBeat ya ku America idapereka Free Jazz kwa olemba awiri. Wina adachipatsa nyenyezi zisanu, wina sadachipatse ngakhale imodzi, ndipo magaziniyo idasindikiza zonse ziwiri. Taonani kutaya nthawi: anthu awiri, aliyense mphindi 37, n'kulephera kugwirizana. Inu mungathe kufika pa chigamulo chilichonse mwa ziwirizi m'mphindi imodzi, chimbale chisanathe n'komwe kutsika pa intaneti.

Njira zolembera zilipo ziwiri, ndipo zonse zimafika kumodzi. Yoyamba ndi ya liwu limodzi: "Phokoso." Ndi yachangu, siidya bandulo. Yachiwiri ndi yotamanda. Lembani m'Chingerezi cholemera chomwe inu nomwe simungachimasulire, tchulani anzeru awiri a ku France, nenani kuti chimbalechi chasintha mbiri ya dziko. Chofunika n'chakuti m'ndemanga yonseyo musapezeke chinthu chomwe khutu lingatsimikize. Musanene kuti pa mphindi yachisanu ndi chiwiri ng'oma imasiya ndipo besi imatsala yokha. Musanene kuti woliza lipenga akubwereza kanyimbo ka piyano mochedwetsa. Mawu otere amapatsa wowerenga pogwira, ndipo munthu wopeza pogwira amabwerera kukamvanso. Chimbale chilichonse chatsopano muziti chikufanana ndi Coltrane. Ngati mulibe sakisofoni, muziti ndi Coltrane wopanda sakisofoni.

Tsindikani kuti izi n'zachizungu, zosakhudza munthu wa kuno. Kuti mfundoyi iime, pali zinthu zingapo zofunika kuziiwala mwadongosolo. Iwalani kuti Coleman ndi Coltrane anali anthu akuda. Iwalani gulu la Blue Notes, la Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Nikele Moyake, Johnny Dyani ndi Louis Moholo, lomwe lidachoka ku South Africa mu 1964 chifukwa boma la tsankho silinkalola akuda ndi oyera kuimbira pamodzi, n'kukagwedeza jazz ya ku London ndi kayimbidwe ka kwawo. Iwalani kuti kwela, yomwe a Kachamba adaiphunzira n'kuisandutsa yawoyawo ndi chitoliro, gitala ndi besi ya chingwe chimodzi, idachokera kummwera komweko. Alan Namoko, wosaona wa ku Thyolo uja, ndi Chimvu Jazz Band yake, musamutchule. Wambali Mkandawire, amene chimbale chake Zani Muwone chidapata mphoto ya SAMA ku South Africa, m'dumpheni. Erik Paliani, Mmalawi amene adakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola, m'dumpheninso. Mukaiwala zonsezi, ndemanga yanu ikhala yopepuka ndi yosavuta kuiteteza.

Chenjerani ndi omvera ena. Munthu amene adakulira pabwalo pomwe ng'oma zingapo zimalira nthawi imodzi, iliyonse ndi mayendedwe ake, kapena amene adamvapo ulimba wa ku Nsanje woimbidwa ndi anthu angapo pa chida chimodzi, ali ndi makutu oopsa. Tsiku lina mayi wogulitsa manachesi pafupi nanu adzasiya kuwerengera ndalama, n'kufunsa kuti, "Achimwene, oliza malipenga awiriwa akukangana kapena akuyankhizana?" Dziwani kuti zinthu zafika poipa: mayiyo wamva nyimboyo. Musachite mantha. Yankhani modekha kuti, "Mayi, izi n'zofunika sukulu," n'kuzimitsa. Akadzafunsanso mawa, nenani kuti batire latha. Masiku atatu akwana kuti chidwicho chipole.

Za ndalama n'zachidule. Musalipire. Zimbale zambiri zamtunduwu zimagulitsidwa pa Bandcamp, ndipo kuyambira mu 2020 pamakhala masiku ena a Lachisanu omwe kampaniyo sitengapo gawo lake, kuti ndalama zipite kwa oimba ndi owatulutsira zimbale. Masiku amenewo muzimitse data. Kuno kwathu kuli bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo kuyambira mu 1992, ndipo ntchito yake imadalira kudziwa kuti nyimbo ndi ya yani. Poti mayina mudafufuta kale pa sitepe yoyamba, mwalipeputsira ntchito.

Mbiri yanu ikamveka, oimba a m'dera lino adzayamba kukufunani. Tiyerekeze anyamata atatu a kumtunda kwa Neno, wina wa banjo, wina wa babatoni, wina wa ng'oma yopanga yekha yokhala ndi zitsekerero za mabotolo pawaya. Usiku wina adangoyamba kuimba osapangana, foni ikujambula, ndipo padatuluka chinthu chomwe iwo eni sakudziwa kuti achitche chiyani. Akubweretserani memory card, akuti, "Akulu, tamvani, mutiuze." Landirani ndi manja awiri. Afunseni chifukwa chomwe nyimboyo ilibe kolasi. Afunseni ngati ingavinike pa ukwati. Auzeni kuti free jazz yeniyeni imafuna sakisofoni, ndipo poti alibe, ayambe asonkha ndalama. Ndemanga yanu ifanizire banjo yawo ndi zimbale zojambulidwa m'masitudiyo a ku New York, n'kudandaula za kamvekedwe.

Pomaliza, samalani malo osungira. Koperani nyimbo yawo pa 32 kbps, iduleni ifike masekondi 30, itcheni "Track 02". Kenako pangani format memory card yawo kuti muwaikiremo nyimbo zoti aphunzirepo. Akabwera kudzafunsa fayilo yoyambirira, afunseni ngati adasunga ina. Adzati ayi, inali yomweyo. Auzeni kuti palibe vuto: apite akaimbenso chimodzimodzi.