Batani Limene Ndinadina pa Khwekhwelere

Alamu anga ndinawauza kuti inali mbuzi. Ndinati inatulukira m'tchire mwadzidzidzi, ine poilewa galimoto n'kukagwera m'ngalande. Anandikhulupirira, pakuti mbuzi pamsewu wochokera ku Golomoti si zachilendo. Koma tsiku limenelo pamsewupo panalibe mbuzi. Panali ine, chala changa, ndi bambo wina amene ankakankha njinga ya makala.

Galimotoyo ndi Mazda Roadster RS ya 2016, imene kunja kwa Japan imadziwika kuti MX-5. Alamu anaisungira ndalama zaka zinayi, anaiitanitsa ku Japan itayendako kale, n'kukaitenga okha ku Dar es Salaam, kulowa nayo pa Songwe. Pachibale ambiri ankaiona ngati kuwononga ndalama: mipando iwiri yokha, denga la nsalu, kumbuyo kosakwana matumba awiri a chimanga. Ine sindinaseke nawo. Ndinkaisirira usiku ndi usana.

Anthu akamva kuti RS amaganiza kuti ndi ya injini yaikulu. Ayi ndithu. Injini yake ndi yomwe ija ya malita 1.5, ya mahatchi 131, imene ili m'ma Roadster ena a ku Japan a nthawi imeneyo. Ndalama yowonjezera inapita ku zinthu zimene woyendetsa amazimva m'manja ndi m'chiuno: mashoka a Bilstein, chitsulo cholumikiza mitu ya mashoka akutsogolo kuti thupi lisapotoke pokhota, mabuleki okulirapo, ndi mipando ya Recaro imene imakugwira m'nthiti ngati munthu wakukumbatira. Magiya ndi 6, osintha pamanja basi. Mphamvu imapita ku matayala akumbuyo kudzera m'difu ya LSD, imene silola tayala limodzi kumangozungulira lokha linzake litaima. Yonse imalemera tani imodzi ndi makilogalamu ochepa, theka kutsogolo theka kumbuyo.

Tinali ku ukwati ku Mangochi mwezi wa October. Pobwerera ku Lilongwe alamu anatenga Sienta yanga kuti anyamule mlongo wanga ndi ana, ine anandipatsa makiyi. Anatsegula chitseko, n'kuloza kabatani kumanja kwa chiwongolero, kolembedwa DSC OFF.

"Alamu, yendani nayo mmene mukufunira. Koma aka musakakhudze."

DSC ndi kakompyuta kamene kamamva galimoto ikayamba kutsetsereka, n'kuchepetsa mafuta ndi kugwira buleki ya tayala limodzi, iwe usanazindikire n'komwe. Ndinkazidziwa zimenezi. Ndinavomera ndi mutu.

Kuchokera kunyanja kufika pa Golomoti ndinamva chimene anthu a ku Hiroshima, kumene galimotoyi imapangidwa kuyambira 1989, amatanthauza akamati jinba ittai, kavalo ndi womukwera kukhala thupi limodzi. Chiwongolero ukangochigwedeza pang'ono, mphuno yakhota kale. Ndodo ya magiya ndi yaifupi, imalowa kuti khe! ndi dzanja lokha, chigongono chosasuntha. Kamwala kalikonse ka patala kamafika kumsana. Umakhala pansi kwenikweni, moti malole odutsa umawaonera m'matayala. Mtima unakula. Ndinayamba kudziona ngati ndaidziwa, chonsecho ndinali nditayenda nayo maola awiri okha.

Poyamba kukwera Khwekhwelere kunagwa chizimalupsa. Sikanali kamvula kambiri, kongonyowetsa fumbi ndi mafuta amene anauma patala chilimwe chonse, ndipo msewu umaterera kwambiri nthawi imeneyo kuposa pa mvula ya January. Pakona yachiwiri ndinaponda mafuta, kanyali kachikasu kanaphethira, injini n'kubweza mphamvu yokha. Chinali chenjezo lomveka bwino. Ine ndinachitenga ngati chipongwe, ngati makina akundiletsa kusangalala. Ndinatambasula chala n'kudina.

Makona awiri ndinadutsa bwino. Yachitatu inali yopindika ngati chigongono, yokhotera kumanja. Ndinalowa ndi giya yachiwiri, ndipo ndisanawongole chiwongolero ndinaponda mafuta mpaka pansi. Difu ija inachita ntchito yake mokhulupirika: matayala onse awiri anakankha pamodzi, ndipo onse awiri anataya msewu pamodzi. Kumbuyo kunathawira kumanzere. Zaka zonse ndayendetsa galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, zimene zikatsetsereka umangochotsa phazi zinthu n'kukhala bwino. Ndinachotsadi phazi kamodzin'kamodzi, chiwongolero nditachipotoza mopitirira. Matayala anagwiranso tala mwadzidzidzi, galimoto n'kukwapukira mbali inayo ngati chikoti.

Apo m'pamene ndinamuona bamboyo. Anavala malaya a buluu ong'ambika paphewa, matumba atatu a makala panjinga, akutsika m'mbali mwa msewu. Bampala yakumbuyo inadutsa pafupi ndi tayala la njinga yake, mpata wosakwana mkono. Kenako ndinamva chitsulo chikulira pakonkire.

Anagoneka njinga yake pansi n'kubwera chothamanga.

"Achimwene, muli moyo?"

Ndiye anafunsa, iye amene ndikanamupha. Anaitana anyamata awiri, tinayesa kuikankha, koma galimoto ya mpata wa masentimita 14 okha pansi inali itakhalira mimba pamphepete mwa ngalande. Rimu yakumbuyo inapindika, ndipo tayala linapendekera m'kati chifukwa chitsulo chimodzi cholichirikiza chinakhota. Anakhala nane mpaka lole yodzaikoka itafika, makala ake akunyowa.

Ukazimitsa injini n'kuilizanso, DSC imayaka yokha. Umboni panalibe, ndipo n'chifukwa chake bodza la mbuzi linatuluka mosavuta. Ndinakhala nalo milungu itatu, ndikuona alamu akufufuza zitsulo ku Japan pafoni usiku, pakuti m'mashopu a zipangizo kuno sizipezeka. Tsiku lina nsima inandikanika pakhomo pawo, ndipo ndinawauza zonse.

Sanakalipe. Za ndalama anati tigawana, ine ndinakana, ndipo ndikulipira ndekha mwezi ndi mwezi. Atakhala chete kwa nthawi anandifunsa chinthu chimodzi.

"Nanga bambo wa njinga uja, alamu, munawafunsa dzina?"

Sindinawafunse. Ndabwererako kawiri pakona ija, ndafunsa ogulitsa makala a pa Masasa ndi a pa Golomoti, koma mpaka lero sindinawapeze.