Sola Pamwamba, Chinsinsi Pansi

Mumzinda wa Tete nyumba zimabereka. Pitani ku Matundo kapena ku Chingodzi, mukasuzumire kuseri kwa mpanda uliwonse, mukapeza nyumba yaikulu ili ndi ana awiri kapena atatu kumbuyo, onse ofolera malata, onse otsamira khoma la aneba. Anawa ndiwo madependência. Mayi wawo ali ndi mapepala onse: DUAT ya malo ilipo, pulani yodinda ilipo, chilolezo chomangira chili musutikesi pansi pa bedi pamodzi ndi kalata ya ukwati. Koma anawo ndi obadwira kuseri, kaundula sawadziwa.

Palibe munthu amene amadzuka m'mawa n'kulengeza kuti lero ayamba kumanga dependência. Zimayamba ndi matumba khumi a simenti ofunika kuwabisa kwa akuba. Amaimika timakoma, n'kuyala malata. Chaka chinacho aboola zenera, ati simentiyo izipumako mpweya. Kenako chitseko chachitsulo, kenako katani, ndipo tsiku lina m'mamawa mumangoona mphunzitsi ndi taye yake akutuluka m'chipinda cha simenti chija, mswachi uli kukamwa. Komatu musawaseke kwambiri eni nyumbawa. Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 155,000 mumzinda uno, wa 2017 anapeza oposa 300,000. Pakatikati apo, mu 2011, kampani ya Vale inayamba kutulutsa malasha ku Moatize, anthu n'kukhamukira kuno kuchokera ku Angónia, ku Beira, ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Khamu lonselo silinagone pansi pa mlatho. Linagona ndi simenti.

Ndiye tinagwirizana, popanda kuitanitsa msonkhano, za ulemu umodzi waukulu: kusaona. Mukalowa pakhomo pa mnzanu, maso amathera pakhonde la nyumba yaikulu. Mukakumana ndi munthu amene wakhala kuseriko zaka zisanu, mumamulonjera kuti, "Alendo, mwafika liti?" Nayenso mwambo amaudziwa, amayankha kuti, "Posachedwapa." Mtendere umenewu unakhalitsa ndithu, mpaka kunabwera sola.

Kwathu kuno woyambitsa chipwirikiti anali bambo wina wachikulire, dalaivala wa mathiraki amene anapuma pantchito atamaliza matayala ambiri pamsewu wa Beira, Zóbuè ndi Blantyre. Tonse timangoti a Motorista. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kutentha kwa kuno kumadutsa madigiri 40, agalu n'kusiya kuuwa, ndipo mafani atatu ndi firiji zinkameza mayunitsi a magetsi a Credelec asanazolowerane n'komwe ndi mita. Damu la Cahora Bassa lili pa Songo pomwepa ndi mamegawati ake 2,075, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limayenda makilomita 1,400 pa nthambo kukayatsa ku South Africa. Koma kukhala pafupi ndi damu sikuchotsera munthu ngakhale metical imodzi pa mtengo wa yunitsi. A Motorista anayang'ana kumwamba, n'kuganiza ngati mwininyumba weniweni.

"Dzuwa ili lakhala pa denga langa zaka zonsezi osalipira lendi," anauza akazi awo. "Lero liyambe."

Mestre, mmisiri wa sola, anafika pa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu, mapanelo anayi atamangidwa pamwamba, batire ndi inveta zili pamiyendo. Anali mnyamata waulemu, wosayankhula asanayeze. Anatulutsa foni, n'kutsegula kampasi, n'kuzungulira bwalo. Anafotokoza kuti Tete ali madigiri 16 kum'mwera kwa ikweta, choncho dzuwa limapendekera kumpoto, makamaka mu Juni ndi Julayi. Panelo iyang'ane kumpoto, ipendekeke pang'ono kuti fumbi ndi madzi zizitsetsereka. Anatinso mthunzi wa nthambi imodzi ukagwa pakona ya panelo imodzi, zinzake zolumikizana nayo zimafooka zonse. Atakweza maso pa nyumba yaikulu anapukusa mutu. Denga lake ndi la lusalite yakalekale, yoti munthu akapondapo atulukira pabalaza, ndipo theka lake lili pansi pa mtengo wa mango. Kenako anatembenuka, nkhope n'kuwala.

"Patrão, denga labwino ndi ilo. Malata atsopano, lapendekera kumpoto, mthunzi palibe."

"Liti?"

"Ilo, la nyumba yapakatiyo."

A Motorista anatsitsa mawu. "Mwana wanga, pamenepo palibe nyumba."

Mestre anayang'ana nyumbayo. Anayang'ana namwino amene ankayanika yunifolomu pakhomo pake, wailesi ikuimba mkati. Ndi mwana woleredwa bwino, wokulira m'tauni momwemuno.

"Ndamva, patrão. Ndiye tikhome pa palibepo, kapena tidikire?"

Anadikira. Mapanelo anawaimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, atawafunditsa zitenje ziwiri za mayi, ndipo pofika madzulo quarteirão yonse, kadera kathu konse, inali itadziwa kukula kwake ndi mtengo wake.

Vuto la sola ndi lakuti imanyezimira. Khoma la mabuloko limabisa zonse za pansi, koma galasi la pamwamba limaitana maso kuchokera kumsewu, ndipo munthu akayang'ana galasi amafunsa za denga, akafunsa za denga wafika pa nyumba. Lamlungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi, bwalo la pansi pa mango linadzaza akatswiri. Wina anati mafiscal, oyendera a boma, masiku ano sayendanso pa njinga yamoto, amaona pa setilaiti ali muofesi, ndipo chinthu chonyezimira ndicho chimayamba kuoneka. Wina anati msuweni wa mlamu wake ku Nampula anakhoma sola Lolemba, Lachitatu anamugwetsera chimbudzi. Atamufunsa dzina la msuweniyo anati anasamuka.

Woyankhula kwambiri anali bambo wa kuseri kwa mpanda, amene ali ndi madependência anayi ndi kagolosale kotulukira mumsewu. Bamboyu sanatchulepo za mapepala, ayi. Anadera nkhawa za umoyo wa anthu. Anati magalasi amenewa amakoka mphenzi, amathamangitsa mvula, ndipo anamva kuti mwamuna wogona pansi pake amayamba kufooka m'nyumba. Apa amayi anayang'ana pansi, ena n'kudziphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Aliyense anadziwa kuti mphenzi imene bamboyu akuiopa imayenda ndi cholembera ndi buku la malisiti, ndipo ikagwa pa aneba siibwerera isanaone tsidya lina la khoma.

Anaitana a chefe a quarteirão. Anawapatsa mpando wa pulasitiki wosathyoka mwendo, ndi Fanta wozizira. A chefe anayamba ndi kuthokoza Mulungu, anathokoza boma, anathokoza mayi chifukwa cha Fanta. Anati chitukuko ndi chabwino, ndiponso malamulo ndi abwino, ndipo zinthu ziwiri zabwino siziyenera kukumana mwadzidzidzi. Mpando wawo anali atautembenuza bwinobwino kuti nsana uloze ku madependência.

"Ndiye tikhome, a chefe?"

"A Motorista, inu ndi munthu wamkulu. Ine pano sindinaone kanthu. Chimene ndikupempha n'chakuti musandionetse."

Anamaliza Fanta n'kunyamuka, poti kwawo nakonso kunali mlendo wa zaka zisanu amene ankadandaula kuti denga likudontha.

Njira yowongoka inalipo, ndipo a Motorista, kunena zoona, anaiyesa. Lolemba anavala jekete m'kutentha konseko, anawoloka mlatho wa Samora Machel, uja unamalizidwa mu 1973, n'kukafika ku ofesi ya za zomangamanga. Atafika pa kauntala anachita zimene munthu aliyense wa m'tauni muno amachita.

"Pepani mayi, ndikufunsira mnzanga wina. Mnzangayo ali ndi kanyumba kuseri..."

Mayiyo anawalandira bwino. Anawalembera pa kapepala zonse zofunika: kalata yopempha, fotokope ya chiphaso cha BI ndi ya nambala ya msonkho ya NUIT, mapepala a malo, ndi pulani yojambulidwa ndi katswiri yosonyeza zonse zimene zili pabwalopo. Anawauza kuti pali ndalama zolipira, ndipo kuti womanga asanapemphe akhoza kupatsidwa chindapusa. Powapatsa kapepalako anamwetulira.

"Bambo, anzanuwo mukawauze asaope, abwere okha. Chiyambire m'mawa aliyense wafika pano ndi wotumidwa ndi mnzake."

Mawu amene anawalemera pobwerera anali akuti "zonse zimene zili pabwalopo". Zonse ndiye kuti madependência atatu, osati imodzi. Zonse ndiye kutinso khoma lakumadzulo, limene mu 2014 linasuntha lokha usiku n'kudya mita imodzi ya kanjira ka anthu. Ndipo nyumba ikalowa m'kaundula, msonkho wa nyumba uja timati IPRA nawo umaidziwa. Ine ndimaona kuti ndalama zonsezo akanazikwanitsa, poti lendi ya miyezi ingapo ikanabweza. Chimene sakanakwanitsa ndi kukhala munthu woyamba mu quarteirão kuvomera kuti kuseri kuli nyumba. Akanayenda bwanji pamaliro?

Kunyumba anapeza nkhani yakula. Walira mvula walira matope. Namwino uja anali atamva kuti denga lake ndilo lasankhidwa, ndiye anabwera mwaulemu, atagwada pang'ono, kudzafunsa ngati lendi itsike, poti dzuwa lizikololedwa pamutu pake. Mphunzitsi wa chipinda china anapempha soketi imodzi yokha, ya laputopu, mwinanso ayironi. Wa chipinda chachitatu, amene ali ndi ngongole ya miyezi iwiri, anati iye za sola amazidziwa bwino ndipo akhoza kukhala woyang'anira, ngongoleyo n'kuthera pomwepo.

Anamasula mfundo ndi mayi. Iwo nkhani ya setilaiti sinkawakhudza; ankafuna firiji yosazima kuti azigulitsa madzi oundana ndi mafirizesi a malambe kwa ana a sukulu.

"Bambo, inu mwayenda mpaka ku Durban, koma nzeru munaziiwala pa chipata cha Zóbuè. Ndani anati sola imafuna denga? Imikani mapaipi anayi pakati pa bwalo. Chopanda khoma si nyumba."

Mestre anabweranso ndi mnzake wowotcherera. Anakumba maenje anayi, anathira konkire, anaimika mapaipi, n'kuyala mapanelo pamwamba atayang'ana kumpoto. Anati kunena zoona apa ndiye pabwino kuposa pa malata: mphamvu yolembedwa pa panelo amaiyezera pa madigiri 25, ndipo panelo ikatentha kwambiri imapereka zochepa, choncho mphepo yodutsa pansi imaithandiza. Anawalangiza kuti azitsuka fumbi kawirikawiri, m'mamawa galasi lisanatenthe. Ntchitoyo inagwera mdzukulu, amene tsopano amadziwika mu quarteirão yonse kuti injiniya.

Firiji inalira. Mphenzi sinagwe. Fiscal sanabwere, ndipo sindikudziwa munthu wa kwathu kuno amene anamuonapo ndi maso. Amene anabwera ndi aneba, aliyense ndi foni m'manja ndi moni wautali. Munthu sanganene kuti wabwera kudzatchaja. Amati wabwera kudzaona mayi, anamva kuti mwendo ukuwavuta, ndipo ali mkati mofunsa za mwendowo dzanja limakhala likufufuza soketi. Bambo wa mphenzi uja amatumiza mwana ndi mafoni atatu m'jumbo.

Koma ku Tete chinthu chodula kuposa magetsi ndi mthunzi, ndipo mapanelo anayi amapanga mthunzi wabwino zedi. Yoyamba kuuzindikira inali mbuzi. Musaiderere: nyama ya mbuzi ya kuno, Cabrito de Tete, inalembetsedwa mwalamulo ngati chinthu chapadera cha dera lino, moti pabwalo lonselo, kupatula nyumba yaikulu, ya mapepala inali mbuziyo. Itagonapo masiku angapo, mayi anaithamangitsa n'kuikapo matumba a makala. Kenako a Motorista anaona kuti nthambo yochokera pa mapanelo kukafika ku batire m'nyumba yatalika, mphamvu ikutayika panjira, ndi bwino batire likhale pansi pomwepo. Batire ndi ndalama zambiri, silingagone panja. Anaimika timakoma. Mestre anachenjeza kuti batire silifuna kutentha, lizipitidwa mphepo, ndiye anasiya zenera. Ulendo uno chifukwacho chinali choona, zimene zinawadabwitsa ngakhale eni ake.

Mu Febuluwale kunafika mnyamata wa ku Ulónguè, wophunzira za migodi pa Instituto Superior Politécnico de Tete, chikwama kumsana. Anagwada, anapereka moni wa kumudzi, n'kunena kuti wamva kuti pano pali malo.

"Malo ake ati, mwana wanga? Umo ndi mwa batire."

"Ndamva, agogo. Batirelo limalipira zingati?"

Anagwirizana, magetsi ali momwemo. A chefe podutsa madzulo amenewo anaima pachipata, anamuyang'ana mnyamatayo akukolopa pakhomo pa batire, n'kumufunsa kuti, "Alendo, mwafika liti?"

Mwezi wathawu bambo wa mphenzi uja waitanitsa mapanelo asanu ndi atatu. Akuti iye pa denga sakhoma, amalemekeza malamulo; aimika mapaipi, atalitali ndithu, kuopa mbuzi. Ndinamuona mestre akuyeza pabwalopo, tepi m'manja, pensulo kukhutu, kampasi osaitulutsa n'komwe.

"Patrão," anafunsa, "sola yanuyi mukufuna ya chipinda chimodzi kapena ziwiri?"