Mkamwini wa padenga la kontena

Bandulo yakweranso. Zokwerazo sindidandaula nazo kwenikweni, poti masiku ano chimene chakana kukwera ndi msinkhu wanga wokha. Chondiwawa n'choti ndimalipira bandulo yathunthu pamene netiweki imathera pakhomo pa kontena yanga. Ndimagulitsa sopo, shuga ndi mayunitsi pafupi ndi depoti. Kasitomala akati alipira pafoni, ndimatuluka foni ili m'mwamba n'kumazungulira kontena, iye akunditsatira pambuyo. Ana a pamsika anayamba kunditchula Abusa, ati ndimadalitsa katundu.

Mwana wa achemwali, amene akuphunzira zamagetsi, anangogogoda khoma n'kuseka. "Malume, chitsulo chimabweza mafunde. Mu 1836 Michael Faraday anakuta chipinda ndi zitsulo, mphamvu yamagetsi ya kunja n'kulephera kulowa." Ndiye kuti mzunguyo anamanga kontena yangayi kalekale, kungoti iyeyo sankalipira lendi. Mnyamatayo anati ndigule eriyo yaing'ono, ndiike padenga, waya ulowe ku rauta. Koma anandichenjeza kuti si eriyo iliyonse imene imamvana ndi chitsulo. Atafotokoza, ndinaona kuti nkhani yonseyi ndi ya chikamwini basi. Chitsulo ndi apongozi, eriyo ndi mkamwini.

Pali mkamwini wamanyazi, uja amati akaona apongozi panjira amalowera kutchire. Ameneyu ndi eriyo yopyapyala yomata, kapena ya manja awiri. Mukaigoneka pachitsulo penipeni, mafunde obwerera amafafaniza ake omwe, iyo kuti zii, pakamwa pauma. Imafuna kutalikirako gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa funde. Funde la Wi-Fi ya 2.4 GHz ndi masentimita 12.5, choncho ulemu wake ndi masentimita atatu. Pa mafunde a foni a 900 MHz ulemu umakula, pafupifupi masentimita 8. Ikaima pamenepo, apongozi omwe aja amayamba kuithandiza, kuikankhira mafunde kutsogolo. Ine ndinakhalapo pachikamwini, ndinalima, ndinafolera nkhokwe, koma ankhoswe sanandipatseko rula.

Wina ndi kandodo kokhala ndi maginito kunsi, kaja mumakaona padenga la galimoto za alonda. Uyu manyazi alibe, amafikira kukhala pamiyendo pa apongozi. Payekha ndi theka chabe la eriyo, theka linalo ndi chitsulocho. Mukamuika pathabwa kapena papulasitiki amafooka. Akamwini otere timawadziwa, apongozi akapita kumaliro, iwo amagona ndi njala. Ndipo safuna m'mphepete mwa denga, amafuna pakati, pamene apongozi amuzungulira mbali zonse.

Palinso wochenjera, eriyo yaphwatalala ngati ya GPS, yokhala ndi kachitsulo kakekake kumsana. Ameneyu amabwera ndi apongozi ake m'chikwama, za apongozi anuwo sizimukhudza. Vuto lake amayang'ana kumodzi, ndiye muzidziwa kumene kuli nsanja ya netiweki.

Ndi maphunziro onsewa ndinapita kumsika nditapisira malaya. Wogulitsa anatulutsa kapaketi kofumbira, kojambulidwa mzimayi akuseka ndi laputopu m'mbali mwa nyanja. Waya wake wowonda, wautali, wokulunga kambirimbiri, ulusi weniweni. Mwana wa achemwali anali atandiuza kale kuti waya wotere amadya m'njira zonse zimene eriyo yakola.

"Achimwene, imeneyi imagwira pachitsulo?"

"Bwana, iyi paliponse. Ngakhale m'madzi."

"Ndi ya mafunde ati? A foni kapena a Wi-Fi?"

"Ndi orijino, bwana."

Sindinamukwiyire. Ngakhale a Apple, ndi chuma chawo chonse, mu 2010 anapanga iPhone 4 eriyo yake ili m'chitsulo cha m'mbali, munthu akaigwira pena pake netiweki n'kumatsika. Anamaliza n'kugawa zikuto zaulere. Mlandu wa apongozi sutha popanda nkhuku.

Koma apa nthabwala ndiziike kaye pansi. Akutiuza tonse kuti tisiye ndalama zapamanja, tizilipira pafoni. Chabwino. Nanga amene amanena zimenezo analowapo mu kontena kapena m'kagolosale ka malata masana? Mayi akatumiza ndalama ya shuga, foni n'kuima pakati, ndalamayo kwa iye yachoka, kwa ine sinafike, ndipo ana ake akudikira phala. Tsiku la bandulo likakwana imatha, kaya mwaigwiritsa ntchito kaya munkangozungulira nayo kontena. Kukoka netiweki kuchoka pakhomo kufika pakauntala asiyira ife, ndi makwerero obwereka.

Ndinagula wa maginito uja. Atangofika padenga anamata kuti phaa, timizere ta netiweki n'kudzuka. Panopa chimene chikundisowetsa tulo ndi anyamata a padepoti, amene akumuyang'ana mkamwini wanga ndi maso achikondi. Choncho madzulo aliwonse ndimakwera kukamutsitsa, n'kupita naye kunyumba m'thumba la jekete. Masana chikamwini, usiku chitengwa. Dzulo mayi a kunyumba anamupeza atakakamira pambaula, ndipo afunsa kuti mlendoyu ndi wa mbali ya ndani, nanga akupita liti.