Ulemerero wa Kachikopa ka m'Pampu ya Pulayimasi

Mwa zipangizo zonse zimene zaphikitsapo nsima m'makomboni a Lusaka, palibe chomanidwa ulemu kuposa kachikopa kokhala m'pampu ya pulayimasi, kamene m'mimba mwake sikapitirira masentimita 2 koma kali ndi mphamvu zogoneka banja lonse ndi njala. Pulayimasi ndi chitofu cha mkuwa choyendera palafini chimene Frans Wilhelm Lindqvist anakonza ku Stockholm mu 1892, ndipo mbiri yake njodzaza ndi mayina olemera, pakuti Roald Amundsen anapita nacho kunsonga ya kum'mwera kwa dziko lapansi mu 1911, pamene china, chimene gulu la Salomon Andrée linasiya pachilumba cha Kvitøya mu 1897, chinapezeka mu 1930 chikadali choti n'kuyaka. Olemba mbiri amatamanda amuna amenewa, koma ng'ombe zimene zinapereka zikopa za m'mapampumo palibe anazikumbuka.

Kachikopaka kamamangidwa kunsonga ya kachitsulo kopopera, ndipo wophika akakankha kachitsuloko, m'mphepete mwa chikopa mumatambasuka n'kugwira khoma la pampu, motero mpweya umasowa kothawira n'kulowa m'thanki kudzera pa valavu, kachitseko kolola mpweya kulowa koma osabwerera. Mpweyawo ndi umene umakweza palafini kupita kumutu wa chitofu, wotenthetsedwa kale ndi sipiriti, kumene amasanduka nthunzi n'kuyaka ndi mkokomo womveka mpaka nyumba yoyandikana. Mkokomowo amatamandidwa nawo ndi moto, mwini ntchito ali chete mumdima.

Ku Misisi, komboni yomwe ili kum'mwera kwa tauni pafupi ndi msewu wa Kafue, mabanja ambiri amaphika pambaula ndi malasha, kotero pulayimasi imene ikadalipo imagona pansi pa bedi miyezi yambirimbiri, osaikumbuka kufikira dzinja litadzaza migodi yakale ya miyala, madzi n'kusefukira m'tinjira, malasha n'kunyowa. Inakumbukidwanso mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi a m'damu la magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima mpaka maola 21 patsiku, malasha nawo n'kukwera mtengo. Pa nthawi zotere m'pamene kachikopa kamaonetsa kuti si kapolo wa munthu: kouma gwa ndi dzuwa la Okutobala, kamalola kachitsulo kuyenda pululu popanda kugwira kanthu, mwini nyumba thukuta kamukamu, ana atakumbatira mbale. Ena amati kumeneku n'kuuma mtima, koma woganiza mofatsa aona kuti ndi chilungamo, chifukwa mfumu imene yaiwalidwa chaka chathunthu siweruza mlandu isanalandire cha m'manja.

Cha m'manja chake ndi mafuta, ndipo si mafuta onse amene amakasangalatsa. Akatswiri a zikopa amaika patsogolo mafuta otengedwa pophika mapazi ndi mafupa a miyendo ya ng'ombe, popeza amalowerera bwino ndipo sachedwa kufewetsa. Tsoka lake n'lakuti ku Misisi mapazi amenewa ndi vimbombo, zomwe a ku Malawi amazitcha mang'ina, ndipo mayi amene angazichotse mumphika kuti adyetse pampu sangakhululukidwe ndi a m'nyumba mwake. Kachikopa, poti nkodzichepetsa, kamalandira mafuta a makina osokera, opyapyala ndi osanunkha, amene telala wa pakhonde angapereke madontho awiri kapena atatu ngati wopemphayo ayamba ndi moni wokwanira. Dontho la oyilo watsopano wa galimoto nalonso kamalilandira mosanyinyirika, chimodzimodzi mafuta a nsatsi, omwe sauma msanga, amene makolo ankadzola kalekale pulayimasi isanafike.

Zimene kamakana n'zimene zimaonetsa bwino nzeru zake. Saladi, dzina la mafuta ophikira ku Lusaka, ndiye woyamba kuganiziridwa chifukwa amapezeka pakantemba kalikonse m'timapepala ta pulasitiki, ndipo tsiku loyamba amachitadi zodabwitsa. Koma pakapita nthawi amavunda n'kusanduka ulimbo, pampu n'kumalimba, fungo lake n'kuitana mphemvu. Oyilo wakuda wotsanulidwa mu injini amabwera ndi mwaye ndi tizidutswa ta chitsulo, zomwe zimakanda khoma la pampu ndi kutseka valavu. Vaselini kamamulekerera akakhala wochepa, koma akachuluka amatsetserekera kuvalavu komweko. Palafini, ngakhale ndi mnansi wa tsiku ndi tsiku, amatsuka mafuta achibadwa a chikopa n'kuchisiya chouma kuposa kale. Otsiriza pamndandanda ndi mate, amene wanjala amathira mobisa: amadzutsa chikopa kwa kanthawi kongokwanira kuwiritsa tiyi, kenako chimabwezera chipongwecho mwa kukhwinyata n'kung'aluka.

Opanga zitofu zamakono ambiri anaika kamphira m'malo mwa chikopa, poti sikafuna kunyengerera, koma mphira ikang'ambika basi yatha, pamene chikopa choyesedwa chakufa, chikaviikidwa m'mafuta usiku umodzi n'kutambasulidwa m'mphepete ndi chala, m'mawa chimapopa ngati sichinadwalepo. Ndipo chikathadi moyo wake, wolowa ufumu sachokera ku Stockholm. Wokonza njinga, amene amadziwa chikopa chamtundu womwewu cha m'pampu ya matayala, amadula lilime la nsapato yakale ya salaula, kuliboola pakati ndi msomali, kuliviika m'mafuta, kenako n'kulikankhira m'kapaipi ndi bauti kuti ligone momwemo litenge maonekedwe oyenera, ndipo mwini pulayimasi amauzidwa kuti abwere mawa, lero akapemphe moto kwa aneba.