Mlendo ndi Mame, Kupatula wa M'kompyuta

Akuluakulu akale anati mlendo ndi mame. Ankatanthauza kuti munthu akakufikira pakhomo usaumire: mphere nkhuku, myalire mphasa yatsopano ija, pakuti dzuwa likangokwera pang'ono iye wapita. Mwambiwu unkayenda bwino chifukwa mlendo wa nthawi imeneyo anali ndi kwawo. Kunali munda womudikira, mbuzi zoti akatsekere, ndi apongozi oti ayambe kufunsa kumene wasowera. Analinso ndi manyazi. Akaona kuti nkhuku yasanduka usipa, usipa wasanduka nkhwani wopanda nsinjiro, ankadziwa yekha kuti yakwana nthawi yotsanzika.

Akuluakuluwo sanakumane ndi pulogalamu ya pakompyuta. Imeneyo ilibe kwawo kobwerera, ilibe munda, za manyazi ndiye tisanene. Ndipo amene anaituma kwanu amapindula ikakhala, osati ikachoka.

Pofika imafika mwaulemu, mpaka kuodira. Imakuonetsani chikalata chachitali cha malamulo, inu n'kudina I Agree osawerenga ngakhale mzere umodzi, kenako Next, Next, Next. Pakati pa ma Next amenewo ndi pamene imalowetsera abale ake. Kwa zaka zingapo, amene ankaika Java ya kampani ya Oracle pa Windows ankapeza kabokosi kochongedwa kale kowaikiranso Ask Toolbar. Ukapanda kukaona kabokosiko, mawa lake umangodabwa kuti pamwamba pa browser pakhala wina amene sunamuone akulowa. Munaitana mmodzi, pamphasa akhala atatu.

Alamu anga anagula laputopu ya kaunjika, yooneka bwino ndithu, kungoti zilembo za A ndi E zinafufutika pa kiyibodi. M'katimo munali antivayirasi ina yake, ya mtundu uja amati muyese kwaulere masiku 30. Masiku 30 aja anathera m'manja mwa mwini woyamba kalekale, koma mlendo anali adakalipo. Ntchito yolondera anasiya, anangotsala ndi yokuwa. Alamu akangoyamba kulemba lipoti la gulu lawo la banki m'khonde, kabokosi kofiira kankatumphuka pakona ya sikirini kuwauza kuti kompyuta yawo ili pachiopsezo, alipire msanga ndi khadi la kubanki, m'madola.

"Alamu, ndachichotsa chija," anatero tsiku lina pafoni, akumveka kuti akumwetulira. Chimene anachita n'kukoka kachizindikiro ka pulogalamuyo n'kukaponya mu Recycle Bin. Kumeneko n'kubisa nsapato za mlendo zimene zinali pakhomo n'kumauza anthu kuti wapita, iye ali kuchipinda akuliza mkonono. Kachizindikiro kaja ndi kolozera chabe. Pulogalamu yeniyeni imakhala mu foda ya Program Files, katundu wake wina ali mu AppData, ndipo dzina lake linalembedwa m'kaundula wa Windows amene amamutchula kuti registry. Madzulo omwewo kabokosi kofiira kanabwerera.

Njira yoyenera imadziwika: Settings, Apps, kupeza dzina, kudina Uninstall, achikale amadzera ku Control Panel. Koma mukadina batani limenelo, Windows samugwira mlendoyo pakhosi n'kumutulutsa. Amangotsegula kaundula uja n'kuwerenga mzere umene unalembedwa tsiku limene pulogalamuyo inkalowa, wonena kuti mukadzafuna kuti ndichoke mudzaitane uje. Ndipo ujeyo nthawi zambiri ndi kapulogalamu kena kochokera ku kampani yomweyo, kapena malangizo amene kampaniyo inasiya. Ndiye kuti khomo lotulukira amamanga ndi mlendo, kiyi amasunga ndi mlendo, womuperekeza ndi mphwake wa mlendo. Inu eni nyumba yanu ndi yopempha basi.

Ndiye ine ndi alamu tinapempha. Anatifunsa ngati tatsimikiza. Tinati inde. Anatifunsa ngati tikudziwa kuti kunjaku kuli akuba. Inde, tikudziwa. Anati nanga bwanji atichotsereko theka la mtengo. Batani lovomera linali lalikulu, lobiriwira, pakati penipeni; lokana linali kamawu kotuwa kobisala kumunsi, koti alamu anachita kufuna magalasi. Titadutsa zonsezo, kamzere kosonyeza kuti ntchito ikuyenda kanayenda, kanayenda, kufika pafupi ndi mapeto n'kuima. Uthenga unati fayilo ina ikugwiritsidwa ntchito, titseke kaye pulogalamu imene ikuigwiritsa ntchitoyo. Pulogalamu yake inali iye mwini. Mlendo akuti sanganyamuke chifukwa pampando pamene wakhala pali munthu.

Pamenepa odziwa amadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager n'kutseguka. Mumaona mndandanda wa zonse zimene zili maso m'kompyuta mwanu, ndipo munthu amachita mantha ndi kuchuluka kwake. Mumapeza dzina lija, mumadina End task, limazimiririka. Mukangophethira labwerera. Chifukwa chake n'chakuti mbali ina ya pulogalamu zoterezi imayenda mobisika ngati service, imadzuka limodzi ndi Windows inu musanalembe n'komwe pasiwedi, ndipo inzake ikagwa imaidzutsa. Tinene chilungamo: kwa antivayirasi kuuma mutu kumeneku kuli ndi chifukwa chomveka. Chinthu choyamba chimene vayirasi yochenjera imayesa ndicho kuzimitsa antivayirasi, choncho opanga amaimanga kuti isamvere aliyense amene wangoiuza kuti gona. Vuto n'lakuti siisiyanitsa mawu a vayirasi ndi mawu a alamu anga.

Kenako pamabwera chipongwe chimene ine chimandipweteka kuposa zonse. Kompyuta imene munagula ndi ndalama zanu imakuuzani kuti mulibe chilolezo, mukapemphe kwa administrator. Alamu anayang'ana kumbuyo ngati pali wina m'nyumbamo. "Nanga administrator wake ndi ndaninso, si ine?" Pa laputopu ya kaunjika nthawi zina si inu. Ndi munthu wina wa kutali amene anaigulitsa osasiya pasiwedi yake, ndipo akaunti imene mumagwiritsa ntchito inu ndi ya wamba. Mlendo ali ndi mphamvu m'nyumbamo kuposa inu.

Palinso mlendo wa mtundu wina, ndipo ameneyu ndiye wosangalatsa. Ndi uja amene thupi lake linapita koma dzina linatsala. Zimachitika mdzukulu wachangu akafufuta pamanja foda ya pulogalamu mu Program Files, kapena akamafuna malo osungira mafilimu n'kusesa foda yobisika ya Installer imene ili m'kati mwa foda ya Windows. M'menemo ndi mmene mumasungidwa malangizo ochotsera pulogalamu zambiri. Tsopano mukadina Uninstall, Windows amaitana uje uja, uje kulibe. Amakupemphani kuti mumulozere fayilo imene inu simunaionepo chibadwire, kapena amangokuponyerani nambala, monga 1603, yonena kuti pachitika vuto lalikulu poika pulogalamu, pamene inu simukuika, mukuchotsa. Mankhwala ake amene amagwira kawirikawiri ndi ochititsa manyazi kuwanena: ikaninso pulogalamu yomweyo, mtundu wake womwewo, kenako muichotse. Kuti mlendo achoke, muyenera kumuitananso, kumulipirira ulendo ndi bandulo yanu, kumulandira, kuvomeranso malamulo ake, Next, Next, Next, kuti abwere ndi kiyi wa khomo lija. Mwambi wa zimenezi sunapekedwebe.

Musaganize kuti ndi khalidwe la timakampani ting'onoting'ono tokha. Mu 1998 boma la United States linatengera Microsoft kukhoti, ndipo nkhani ina yaikulu pa mlanduwo inali Internet Explorer. A Microsoft ankati pulogalamu imeneyi si mlendo ayi, ndi chiwalo cha Windows, kuichotsa n'kuvulaza Windows yemwe. Katswiri wa ku Princeton, Edward Felten, anachita kulemba kapulogalamu kosonyeza kuti n'zotheka kuichotsa. Taganizani, maloya, woweruza ndi pulofesa, onse kukangana ngati mlendo angathe kunyamuka. Internet Explorer inafika mu 1995, ndipo Microsoft inadzaipumitsa pa 15 June 2022. Mame a zaka pafupifupi 27. Pamalo pake panakhala Edge. Ku Ulaya, chifukwa cha lamulo la Digital Markets Act, kuyambira mu 2024 munthu akhoza kuchotsa Edge ngati pulogalamu ina iliyonse. Kwa ife a ku Lilongwe, Chipata ndi Tete batani lija ndi lotuwabe, silidinika.

A Sony BMG ndiye anafika pena. Mu 2005 ankagulitsa ma CD a nyimbo amene ukawaika m'kompyuta ya Windows ankalowetsa pulogalamu yoletsa kukopera, ndipo pulogalamuyo inkadzibisa kuti isaoneke pa mndandanda uliwonse. Anaitulukira ndi Mark Russinovich kumapeto kwa October chaka chimenecho. Ukaizula pamanja, chowerengera ma CD chinkatha kusiya kugwira ntchito. Anthu atakwiya, kampaniyo inatulutsa chochotsera, koma kuti uchipeze unkayenera kudzaza fomu n'kupereka imelo yako, ndipo chochotseracho chinapezeka kuti chikusiya mpata wina woti akuba a pa intaneti alowere. Woperekeza mlendo anachoka ndi chitseko.

Ya Apple ndi yoseketsa chabe. Mu September 2014 kampaniyi inaika chimbale chatsopano cha gulu loimba la U2 m'maakaunti a iTunes a anthu pafupifupi 500 miliyoni, kwaulere, osawafunsa. Ambiri anadzuka n'kupeza nyimbo zimene sanazifune, ndipo kuzichotsa kunali kovuta, moti sabata isanathe Apple inatsegula tsamba lapadera lochotsera mphatsoyo. Nayenso John McAfee, amene anayambitsa antivayirasi yotchedwa dzina lake n'kuchoka pa kampaniyo mu 1994, anatopa ndi anthu omufunsa mmene angaichotsere. Mu 2013 anajambula vidiyo ya nthabwala yoyankha funsolo, ndipo yankho lake linali kuwombera laputopu ndi mfuti. Njira imeneyo sindikuilimbikitsa, makamaka kwa amene laputopu yawo ndi ya ngongole ya banki m'khonde.

Njira zopanda mfuti zilipo, ndipo yoyamba ndi yonyozeka ija: dinani Restart, muyesenso musanatsegule china chilichonse. Ndati Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11, Shut down kawirikawiri sizimitsa zonse. Imasunga mbali ina ya zimene zinali maso kuti kompyuta idzayake msanga, pamene Restart imadzutsa aliyense pampando. Ikakana, Microsoft inatulutsa kapulogalamu kokonza zolakwika m'kaundula zimene zimatsekereza kuika ndi kuchotsa. Pali Safe Mode, imene mungaifikire pogwira Shift uku mukudina Restart. Mmenemo Windows amadzuka ndi zofunika zokhazokha, alendo ambiri ali mtulo. Koma musadabwe mukapeza kuti Windows Installer, amene amachotsa pulogalamu zambiri, nayenso mu Safe Mode amakhala ali mtulo. Ena amaitana Revo Uninstaller ndi zinzake, zimene zimasesa ndi zotsalira zomwe. Zimathandiza, kungoti kumeneko n'kuitana mlendo wachiwiri kuti adzathamangitse woyamba. Ndipo mukafufuza pa intaneti mothamanga n'kudina choyamba chimene chalonjeza kuyeretsa kompyuta yanu kwaulere, mupeza wachitatu, woipa kuposa onse.

Za kulowa mu registry n'kumafufuta mizere pamanja, ine ndimati musiyire amene amadziwa kusunga kaye kope asanakhudze kanthu. Kufufuta mzere wolakwika mmenemo kungachititse kuti kompyuta isayakenso. Ndipo pali anyamata ena okonza makompyuta m'tauni amene mankhwala awo ndi amodzi pa matenda onse: "Bwana, iyi tingoifomata." Mlendo amachokadi. Amachoka limodzi ndi zithunzi za ukwati, kalata yofunsira ntchito ndi kaundula yense wa amene anakongola ku banki m'khonde, ngati simunazikopere pa fulashi.

Alamu anapulumukira kwina. Makampani ambiri a antivayirasi amadziwa okha kuti batani lawo la Uninstall silidalirika, choncho pa tsamba lawo amasunga chochotsera china chapadera, chimene sachilengeza kwambiri. Tinachipeza, chinagwira ntchito yake mwakachetechete, kompyuta inazima n'kuyakanso, pakona paja panalibe chofiira. Alamu anaomba m'manja. Nthawi yomweyo browser inatseguka yokha, n'kubweretsa tsamba lokongola lonena kuti kampaniyo ndi yachisoni kuti tikuchoka. Ife tikuchoka, m'nyumba mwathu. Pansi pake panali mafunso: kodi talakwa chiyani, kodi mtengo unakwera, kodi mwapeza wina? Kumapeto kwake kunali kabokosi kolembamo imelo, kuti azitidziwitsa za zotsika mtengo.

"Alamu, tsekani tsambalo," ndinatero.

"Iyayi alamu, munthu watsanzika bwino chonchi, tisamuyankhe?" Anakonza magalasi, n'kuyamba kufunafuna chilembo cha A pa kiyibodi.