Ulemu Upite kwa Kabatani ka Muvi

Anthu otamanda makompyuta amathera malovu pa zinthu zikuluzikulu: Starlink, mafoni a makamera atatu, makina oyankha mafunso ngati munthu. Asiyeni. Ine ulemu wanga ukupita kwa kabatani kaja ka muvi woloza m'mwamba, kokhala chakumanja m'munsi mwa kiyibodi, komwe kamayamba kusuluka anzake onse adakali owala. Kameneko ndiye injiniya wamkulu wa m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Kande, kudzera pa Chintheche, mpaka ku Usisya.

Amene simunaonepo terminal, ndi zenera lakuda bii, lopanda chithunzi, pomwe munthu amalemba lamulo kompyuta n'kuchita. Mukaphonya chilembo chimodzi imakana, ndipo sinyengerera. Ngati munayimbapo *211# kapena *444# n'kuiwala nyenyezi, mwalawako kale. Kungoti malamulo a mu terminal ena amatalika mizere iwiri, odzaza timizere ndi timadontho toti ngakhale amene anatilemba sangatikumbuke mawa.

Mwamwayi panapezeka otimvera chisoni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Bill Joy, adakali wophunzira ku Berkeley, anaika mu pulogalamu ya C shell kaundula wa malamulo omwe munthu walemba kale. Mu 1989 Brian Fox anatulutsa Bash, yomwe mpaka lero imakulandirani mukatsegula terminal pa Ubuntu. Dinani muvi kamodzi, lamulo lomaliza labwera. Dinaninso, labwera lam'mbuyo mwake. Bash payokha imasunga malamulo 500, ndipo a Ubuntu anaona kuti kuiwala kwathu n'kwakukulu, n'kukweza kufika pa 1,000. Mapulogalamu atsopano angouveka suti mwambo womwewu. Mu Visual Studio Code mukadina Ctrl+Shift+P, malamulo omwe mwagwiritsa ntchito posachedwa amakhala pamwamba penipeni, ndipo Windows Terminal nayo inalandira bokosi la malamulo lake mu 2020. Suti kuno ku Utonga sitiinyoza, koma wogwira ntchito ndi yemwe uja.

Kaoneni ntchito yake pa malo ogona alendo. Kompyuta ya mu ofesi anaikonza mlendo wina wodzipereka, yemwe anabwerera kwawo kalekale. Lero intaneti yafa, alendo ayamba kuyang'ana mafoni awo ndi nkhope zamaliro, ndipo abwana aitana mnyamata wa pa kauntala: "Ada, taonaniko makinawa." Mnyamata akhala pansi, akokera mpando, atsegula zenera lakuda. Salemba kanthu. Chala chili pa muvi: go, go, go. Padutsa lamulo la ls, padutsanso ls, padutsa cd, padutsa ls wina. Maso atsinzinira. Kenako patulukira mzere wautali woyamba ndi sudo, womwe mawu ake sawadziwa koma nkhope yake amaizindikira. Enter. Pakapita kamphindi mafoni ayamba kulira panja, ndipo abwana auza alendo kuti mnyamatayu ndi woyenera ku yunivesite ya Mzuni. Iye angogwedeza mutu modzichepetsa, poti akudziwa amene wagwira ntchito.

Ena amati umenewu ndi ulesi. Kodi siginala wa chilimira akamapalasa kubwerera pa chirundu pomwe anapha utaka dzulo, mumamutcha waulesi? Nyanja ndi yaikulu, mafuta ndi odula, ndipo wanzeru amayambira pomwe zinayenda. Inde, alipo odina muvi ka 30 pofuna lamulo la zilembo ziwiri. Amenewo ine ndimawatcha okhulupirika. Akatswiri a m'tauni amatiseka, amati dinani Ctrl+R mulembe chidutswa cha lamulolo lidzipeze lokha. Zikomo, koma kuti ulembe chidutswa uyenera kuchikumbuka, ndipo tikanakhala okumbuka sitikanafika kuno.

Chomwe ndimakalemekezera koposa n'chakuti kabatani aka sikalandira ziphuphu. Kaundula wake, fayilo yobisika ya .bash_history, amalemba zonse mosakondera. Munalemba sl m'malo mwa ls? Zilimo. Munatukwana kompyuta usiku mutatopa? Zilimo, chilembo ndi chilembo. Munalemba mawu achinsinsi pamalo olakwika? Ali pomwepo, osabisika, kudikira aliyense wodziwa kudina muvi. Ndi mlembi uti wa komiti ya kumudzi amene analembapo zolakwa za wapampando mokhulupirika chonchi? Ndipo sikasankha oyandikana nawo: lamulo lodzutsa intaneti limatha kugona moyandikana ndi rm -rf, lofufuta mafayilo osafunsa kawiri. Chala chikapitirira kamodzi, mabuku a ndalama a chaka chonse apita. Musakadandaulire kabatani. Kanakuonetsani mzerewo poyera, inu ndi amene munali ndi changu.

Chifundo nachonso kali nacho. Bash imasunga malamulo a tsikulo m'mutu, n'kuwalemba mu fayilo pokhapokha mukatseka zenera bwinobwino. Magetsi akathima mwadzidzidzi, pa kompyuta yopanda batire, zonse za tsikulo zimafufutika, machimo ndi nzeru zomwe. Lamulo lomwe munalisaka masana onse lapita, koma chitukwano chija chapitanso. Amene amakhala kuno akudziwa kuti chikhululukiro chotere sichisowa, makamaka nthawi ya mvula.

Tsono ndikupempha inu nonse obwera kudzatithandiza za makompyuta m'masukulu, m'zipatala ndi m'malo ogona alendo. Tsiku lonyamuka tengani chilichonse, ngakhale tchaja. Buku la malangizo musavutike kulemba, chiswe chidzaliwerenga ife tisanalitsegule. Koma chonde, musalembe history -c, lamulo lofufuta kaundula, ndipo fayilo ija ya .bash_history muisiye momwe ilili.